Jekete la Apongozi Anga pa Chigubu cha Saida

Mawa chikwana chaka chimwalirireni apongozi anga, a Wiliyamu Namakhwa. M'mawa uno ndimati ndilowe m'chipinda mwawo kukaona zigubu, ndiye ndinangozindikira ndagogoda kaye pachitseko monga ndinkachitira iwo ali moyo. Ndinaima n'kumadikira kuti anene "lowani." Chinandiyankha ndi kabotolo ka madzi kamene kali pansi pa windo: bwu... Patapita kanthawi, bwu.

Timakhala pamwamba pa phiri la Zomba, pakati pa mapaini, m'kanyumba ka antchito ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni malo. Nyumba yaikuluyo imakhala yokhoma pafupifupi chaka chonse. Pakati pa iyo ndi kanyumba kathu pali mitengo ya maapozi isanu ndi iwiri. Mitengo imeneyo ndiyo inatisunga pansi pa denga ili, ndipo ndiyo inawachotsa a Namakhwa pa Mgonero.

Iwo anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, n'kubwera kuno ali pamsana. Anakulira m'minda ya tiyi ku Mulanje, kenaka anakwera phiri lino kudzagwira ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina amene anadzala mitengoyi. Ndiye amene anawaphunzitsa kupanga saida, chakumwa cha madzi a maapozi owira okha mpaka kukhala ndi ukali. Anakwatira cha ku Jali monga mkamwini. Akazi awo atamwalira, alamu awo anawathokoza bwinobwino, n'kuwaperekeza pamsewu ndi sutikesi yawo. Kwawo kunalibe, kuchikamwini kunatha. Kunatsala kuno.

Matipate atalowa, mzungu uja anagulitsa malowa kwa a Dokotala a ku Blantyre, dokotala wa mabuku osati wa jekeseni. A Dokotala anabwera ali ndi m'bale wawo m'galimoto woti adzakhale mlonda. Apongozi ankafotokoza kuti tsikulo anali atamanga kale katundu. Pomaliza kuwaonetsa makiyi ndi mapaipi a madzi, anatsegula botolo limodzi kuti alendo asachoke kukhosi kouma. A Dokotala anamwa, n'kumwanso.

"Madala, izi mwapanga ndinu? Ndiye tamverani. Ndikamabwera pa Khirisimasi ndizizipeza izi, kanyumbako ndi kanu."

Panalibe pepala. Mawu okhawo basi, ndipo a Namakhwa anakhalira mawuwo moyo wawo wonse wotsala.

Ine ndinabwera kuno ndi mwana wawo Yohane. Ndinakulira kwa azakhali ku Chinamwali m'nyumba ya lendi, ndilibe pamene ndingaloze kuti apa ndi pamunda pathu. Yohane anapita ku Joni mwana wathu Tamanda ali ndi miyezi isanu, akuti akakhala chaka chimodzi. Ino ndi mvula yachisanu. Tinatsala atatu: nkhalamba, ine ndi khanda.

Anthu akamva za saida amaganiza kuti ndi ntchito ya sabata imodzi ngati thobwa. Ayi ndithu. A Namakhwa ankati mtengo wa apozi ndi mlendo kuno, sudziwa nyengo zathu, ndiye umafunika kuunamiza. Mu Julaye, chiperoni chili tsitsitsi, ankakwera makwerero n'kupulula masamba onse ndi manja, tsamba limodzilimodzi, kuti mtengo uganize kuti chisanu cha kwawo chafika, ugone. Ukapanda kugona subereka. Zala zawo zinkachita kung'aluka. Akatha apo ankadulira nthambi. Mu Sepitembala maluwa, ndipo tizipatso tikangooneka, anyani nawo afika.

Kuyambira pamenepo mpaka kuthyola, munthu uja sankachoka pa kampando kake pansi pa mtengo wapakati. Legeni m'manja, miyala m'chitini. Chakudya ndinkawapititsira pomwepo. Nyani wamkulu wa gululo anamutcha Kapitawo, ndipo ankakangana naye ngati munthu.

"Kapitawo, ndakuona! Ukuyesa sindikuona mchirawo? Unadzala ndiwe? Unathirira ndiwe? Pita ukadye za boma uko!"

Akapsa mtima kwambiri ankamutukwana m'Chilomwe, chimene ine sindimva, koma Kapitawo ankaoneka kuti akumva.

Mlongo wawo atamwalira ku Phalombe, mu Januwale, sanapite. Anatuma ine ndi mwana kumsana. Kumaliroko anthu ananena zambiri, zoti a Namakhwa akonda zipatso kuposa magazi awo. Nditawauza anangoti anyani safuna tsiku lonse, nthawi yoimba nyimbo imodzi yawakwanira kumaliza mitengo yonse. Ananena akuyang'ana kumapaini. Tsiku limenelo chakudya chinabwerera chosakhudza.

Kufinya kunkachitika mu Febuluwale. Maapozi tinkatsuka, n'kudula powola ponse, osasiya ngakhale kadontho. Kenaka kusinja mumtondo mpaka aphwanyike, kuika m'thumba loyera lochapa bwino, kulipana pakati pa matabwa awiri, n'kukankha ndi jeke ya galimoto yotsamira pa mtanda wa khonde. Madzi ankatsikira m'beseni, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ankadzaza zigubu zitatu. Pakamwa pa chigubu chilichonse ankatsekapo ndi chivindikiro choboola, n'kulowetsamo kapaipi, n'kumata ndi phula la kandulo. Kumapeto kwina kwa kapaipiko kunkamira m'kabotolo ka madzi, kuti mpweya wa m'kati uzituluka koma wakunja usalowe. Wakunja ukalowa, ankatero, mwapanga viniga, ndipo a Dokotala sanatipatse nyumba chifukwa cha viniga.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, kabotolo kaja kankayamba bwu, bwu, bwu. Iwo ankati saida yayamba kulankhula. Inkalankhula masabata atatu kapena anayi, ndipo zigubu ankagona nazo m'chipinda mwawo kuti azimva. Ikakhala chete ankaikoka ndi kapaipi kuithira m'zigubu zina, kusiya nsenga pansi. Mu Meyi ankathira m'mabotolo olimba, lililonse ndi kasupuni kochepa ka shuga. Mukachulukitsa, botolo limaphulika. Anali ndi chipsera pachibwano chochitira umboni. Mabotolo akagona, Julaye wafika, masamba akudikira.

Chaka changa choyamba ndinawalakwira. Ndinkafuna kutendera mpiru, mtondo wanga unali utang'aluka, ndiye ndinatenga wosinjira maapozi umene unali m'sitolo. Unali woyera bwino. Ndinasinjamo mtedza, n'kutsuka, n'kuubwezera. Madzulo ake ndinawaona atazika mutu m'mtondomo akununkhiza.

"Amake Tamanda, mtondowu mwautani?"

"Ndangosinjamo nsinjiro pang'ono, bambo. Ndatsuka."

"Mwatsuka."

Munthu ndi mpongozi wake sakalipirana. Ndiye anakalipira mtondowo. Anaukhazika pabwalo n'kuyamba kuuuza, ine ndili pomwepo, kuti zaka zonsezi sunalawepo mafuta, lero wakhuta, kaya uganiza kuti maapozi adzakulandiranso. Anaukwecha ndi phulusa ndi madzi otentha masiku atatu. Fungo litakana, anasema m'kati mwake ndi sompho. Tsiku lachinayi anatsika kumsika n'kubwera atasenza mtondo watsopano, phiri lonseli, n'kuuika pakhomo la khitchini. Ndimasinjiramo mpaka lero.

Koma chimene ndikufuna kuti anthu adziwe ndi china. A Namakhwa sankamwa. Ankalawa ndi nsonga ya lilime n'kulavula. Anali mkulu wa mpingo, woyambitsa nyimbo pamaliro, mawu awo ankamveka kuchokera kumanda mpaka kumsewu. Lamulungu lililonse, kupatula nyengo ya anyani, ankavala jekete lawo lakuda n'kutsika ndi kanjira ka anthu a nkhuni kupita kutchalitchi m'tauni. M'buku lawo la nyimbo anapindamo tsamba limodzi, ndipo anandionetsa kangapo kuti nyimbo imeneyo ndiyo adzaimbiridwe akamadzatsitsidwa.

Mnzawo wa pamtima anali a Kachingwe a ku Sadzi, mkulu wa mpingo mnzawo, kalipentala. Awiriwa anakangana za saida kwa zaka zambiri, mosekaseka.

"Achimwene, inu ndinu ofulula," ankatero a Kachingwe.

"Ofulula ndani? Muli chimera umu? Yafika pamoto iyi? Ndi madzi a zipatso awa."

"Nanga chikuwira umo n'chiyani, mapemphero?"

"Ikupuma. Inu simupuma?"

"Ine ndikapuma anthu sagwa m'ngalande."

Ankaseka, n'kumwa tiyi. Akulu ena a mpingo ankadziwa, koma phiri ndi lalitali, ndipo zosaoneka sizivuta.

Zinaonekera pa Khirisimasi ina. A Dokotala anabwera ndi anzawo, ndipo anyamata a kwaya yathu anakwera kuno kudzacheza kudamu la paphiri pano. Mlendo wina, atakhuta, anawaitana pampanda n'kuwapatsa mabotolo awiri, akuti imwani musaope, wapanga ndi mkulu wa mpingo wanu yemwe. Mmodzi mwa anyamatawo anafika kwawo akuimba zosakhala za kwaya. Mayi ake anapita nayo nkhani kubwalo la akulu.

Anabwera mu Febuluwale, Loweruka masana, mvula ikuwaza. A Kachingwe ndi mkulu wina wachinyamata, mphunzitsi. Saida inali italankhula sabata imodzi. Ndinawapatsa tiyi pakhonde, ine n'kuima pakhomo ndi Tamanda kumsana. Mwanayo anali ndi chifuwa masiku amenewo.

A Kachingwe sanaseke tsiku limenelo. Anati bwalo lagwirizana kuti a Namakhwa atayire pansi zonse iwo akuona, alonjeze kuti sadzapanganso, ndipo nkhani ithera pomwepo. Akakana, aima pa ukulu ndi pa Mgonero.

"Nanga a Dokotala akabwera ndidzawapatsa chiyani?"

"Mudzawafotokozera. Ndi munthu wophunzira."

"Akatitulutsa, mpingo uli ndi kanyumba?"

Mphunzitsi uja anayang'ana m'kapu mwake. A Kachingwe anati, "Achimwene, musandivutitse. Lamulo mukulidziwa, munaliwerengera ena inu nomwe. Munthu akafa ali woimitsidwa, ife sitibwera ndi nyimbo."

Apongozi anadzuka, analowa m'chipinda, n'kutuluka atakumbatira chigubu choyamba. Anakachiika pamphepete pa ngalande. Anathyola phula lija ndi chala, n'kuzula kapaipi. Anachipendeketsa. Saida inayamba kutsika, ya thovu, fungo lake n'kudzaza bwalo lonse.

Anthu ena amati ine ndinalira, ndinawagwira miyendo. Si zoona. Sindinanene kanthu. Si malo anga kulankhula pamaso pa apongozi ndi akulu a mpingo. Tamanda yekha ndiye anatsokomola, ine n'kumukokera nsalu kumutu chifukwa madzi a padenga ankamudonthera. Basi.

Apongozi anacheuka. Anatiyang'ana ife, n'kuyang'ana kumunsi kumene kuli tauni, koma kunali chifunga chokhachokha, osaoneka ngakhale denga limodzi. Anachiimika chigubu chija. Anapukuta pakamwa pake ndi malaya awo, n'kubwezera kapaipi.

"Amake Tamanda, kandulo."

Ndinabweretsa kandulo ndi machesi. Anayatsa, n'kudonthezera phula mozungulira kapaipiko, pang'onopang'ono, akulu a mpingo akuonerera.

"Achimwene, mukanene kuti Namakhwa wakana. Awa mvula iwagwera ali moyo. Ine zangazo zidzandipeza nditagona kale."

"Mwasankha chigubu," anatero a Kachingwe.

"Ndasankha denga."

Analankhula ngati sizikuwapweteka, koma ine ndinkakhala nawo. Anapitirizabe kutsika Lamulungu. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, pamodzi ndi anthu obwera mochedwa, ndipo mbale ya Mgonero ikamayandikira ankatuluka ngati akukataya madzi. Pamaliro ankaima kumbuyo, pakamwa atatseka, wina akuyambitsa nyimbo molakwika. Pa kampando kawo kaja nthawi zina ndinkawamva akung'ung'udza nyimbo ya tsamba lopinda ija, n'kusiyira pakati, n'kutola mwala kugenda kumapaini kopanda nyani.

Anayesapo kamodzi kutuluka m'pangano la saidali. Khirisimasi yotsatira anapita kukhonde la nyumba yaikulu chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti mwina azingopereka maapozi okha, osafinya. A Dokotala si munthu woipa. Amatibweretsera mabulangete ndi shuga, Tamanda anamugulira nsapato. Anaseka n'kuwagwira paphewa.

"Madala, maapozi ndimagula m'shopu. Izi ndiye sizipezeka kwina kulikonse. Anzangawa amakwerera zimenezi phiri lonseli. Mwatopa kodi? Ndikupezereni munthu?"

"Ayi bwana, sindinatope."

Za mpingo sanawauze. Anati munthu sungakatule nkhani za Mgonero patebulo la mabotolo.

Febuluwale wotsatira kunazizira kwambiri, ndipo chigubu chimodzi chinayamba kulankhula mwaulesi. Saida ikazizidwa imagona isanamalize. Bulangete lawo anafunditsa ziwiri, chachitatu chinasowa chofunda. Ndinawaona akutsegula sutikesi, akutulutsa jekete lakuda lija n'kuchiveka chigubucho, mpaka kumanga mabatani. Ataona kuti ndikuyang'ana anati lisamangokhala, ligwireko ntchito. Kuchokera tsiku limenelo kutchalitchi ankapita ndi juzi.

Chaka chatha mu Januwale anagwa pansi pa mtengo wapakati, legeni ili m'manja. Mbali ya kumanja inafa. Kuchipatala anakhalako masiku anayi okha, n'kuyamba kuvuta kuti abwerere, akuti Kapitawo wamva kale. Masiku anayiwo mitengo anailondera amayi ogulitsa zipatso za sitiroberi paphiri pano, mosinthana.

Ndiye chaka chimenecho ndinathyola ndine, ndinasinja ndine, jeke ndinapukusa ndine. Iwo anagona pamphasa pakhonde, akulamula ndi dzanja lamanzere. Mawu ankatuluka mopotoka koma ndinkamva.

"Pang'onopang'ono jekeyo, amake Tamanda. Simukusintha tayala."

"Chowola icho. Ayi, icho. Mukuchimvera chisoni?"

Zigubu nditazilowetsa m'chipinda mwawo anandiuza kuti ndiziike pafupi ndi mutu. Tsiku lachitatu zinayamba kulankhula, ndipo anatseka maso n'kumwetulira mbali imodzi. Anati ndagwira bwino. Mawu amenewo sanandiuzepo chibwerere changa.

Anakhala masiku khumi ena. Tsiku lomaliza, dzuwa litapendeka, anandikodola n'kuloza jekete lija pachigubu. Anati anthu adzalifuna kuti awaveke, koma ndisalichotse mpaka saida itakhala chete. Ndinati, "Bambo, mupita ndi chiyani?" Anati kumene akupitako kulibe a Dokotala. Sindinadziwe ngati akuseka. Ndinapita kukatenga madzi, pobwera ndinapeza zigubu zokha zikulankhula.

Tinawaika ku Chinamwali, azakhali ndiwo anakapempha malo kwa amfumu. Lole ya matabwa ndiyo inatsitsa bokosi. Yohane anaimba foni, analira, anati mapepala ake sali bwino, akabwera sangabwererenso. Kumanda kunalibe kwaya, kunalibe amayi a yunifolomu. Anthu anayenda chete, mapazi okha kumveka. Amayi a sitiroberi anang'ung'udza pang'ono, koma palibe anayamba mawu.

A Kachingwe anabwera ndi malaya wamba, opanda buku m'manja. Bokosi anakhoma okha, ndipo kumanda analanda khasu kwa adzukulu n'kukwirira nawo. Titatha anandipeza pambali.

"Mayi, mwawaika ndi juzi? Jekete lawo lili kuti?"

"Likugwira ntchito, bambo."

Anandiyang'ana, n'kupukuta kumaso ndi chikhatho chadothi.

Pa Khirisimasi a Dokotala anabwera. Anandipepesa, anati sanamve msanga. M'galimoto munali mnyamata wina wachibale, ndipo ndinaona akuyang'ana kanyumba kathu, akuyeza mawindo ndi maso. Ndinatulutsa mabotolo. A Dokotala anatsegula limodzi, anamwa, n'kumwanso.

"Madala atisiyira yabwino kuposa zonse."

Ndikanatha kungovomera. Koma ndinayang'ana mnyamata uja, n'kuyang'ana Tamanda akusewera pa masitepe.

"Ndinapanga ndine, bwana."

"Inu? Ndiye palibe chosintha, mayi. Ndikamabwera ndizizipeza izi, kanyumbako ndi kanu."

Mu Julaye ndinali nditapulula kale masamba, osadziwa kuti ndikupululira ndani. Kuyambira Novembala ndakhala ndi legeni. Sabata yatha ndinafinya. Dzana ndinakumana ndi a Kachingwe pa kanjira ka nkhuni, ine ndikutsika kukagula sopo. Ine ndimaimba ndi amayi a mumpingo, bulauzi yanga yoyera amaidziwa. Anati iwo sananene kanthu, koma bwalo lafunsa za saida yanga, ndipo Loweruka likubwerali akwera ndi mphunzitsi uja. Ananena akuyang'ana nsapato zawo.

M'chipinda mwa a Namakhwa sindinasinthe kanthu. Mphasa yawo ndi yopinda, yatsamira pakona. Chipewa chili pamsomali. Buku la nyimbo lili pa sutikesi, tsamba lija likadali lopinda. Jeke ndinaipukuta n'kuiika pansi pa bedi pamene inkakhala. Kampando kawo ndimakalowetsa madzulo n'kukatulutsa m'mawa, koma sindikhalapo, ndimakhala pa chidebe pambali pake. Pansi pa windo pali zigubu zitatu. Ziwiri zafunda bulangete. Chachitatu chavala jekete lakuda, mabatani omanga, mapewa atagwa, ndipo ukalowa mwadzidzidzi umayesa ndi munthu wakhala chofulatira akumvetsera kabotolo.

Pawindo pali machesi ndi kandulo yatsopano. Ndinagula dzana lomwelo, nditasiyana ndi a Kachingwe.